Masabata Anayi

Kuno ku Joni phunziro limabwera lokhalokha
ngati minibasi ya pa Bree:
ikatseka chitseko, sibwerera munthu.
Masabata anayi, mayeso Lachisanu,
Lolemba buku lina, mphunzitsi wina,
chipinda chomwecho, fungo la khofi wozizira.

Mu Ogasiti ndinali munthu wa ziwerengero.
M'mawa ziwerengero, masana ziwerengero,
usiku, polondera magalimoto ku Melville,
ndinkawerengera mwayi woti bambo wa galimoto yofiira
andiponyere marandi asanu.
Ndisaname, ndinaukonda mtolowo:
mutu umodzi, katundu mmodzi.
Ndinakhoza bwino.
Koma mundifunse lero zomwe ndinalemba,
ndingokanda m'mutu.
Inali mvula ya kuno,
yomenya phula la mu Jorissen mwaukali
n'kuthawira m'ngalande,
nthaka osalawako n'dontho lomwe.

Okutobala anatipatsa Mayi Mokgethi
ndi malamulo a pantchito.
Tsiku limodzi pano, anatero,
ndi sabata yathunthu ya makedzana.
Kgaugelo anagona ndi chimfine masiku atatu,
pobwera anatipeza tikulankhula chinenero china.
Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi,
ndinamuuza, ndikuseka,
ndikumubwereka kope langa.

Lachiwiri la sabata yachiwiri
foni inanjenjemera m'thumba.
Mlongo wanga Mwandida, mawu atasasa:
achimwene a Fatsani atisiya.
A Fatsani aja anagulitsa njinga yamoto ya kabaza
kuti dzina langa lilowe m'kaundula wa sukulu ino.

Ndinaima pakhonde n'kuwerengera
monga anandiphunzitsira mu Ogasiti.
Awiri opita: Beitbridge, Nyamapanda, Zobue.
Awiri obwerera.
Atatu okhala pasiwa, ndikachepetsa.
Asanu ndi awiri pa makumi awiri.
Phunziro lomweli lidzabweranso chaka chamawa,
pemiti yanga ikutha mu Malichi,
ndipo njinga ina yogulitsa kulibe.
Samu inatuluka bwinobwino, yopanda chotsalira.
Ndinaida.

Maliro ndinawalira pa masitepe a nsanjika yachitatu,
nthawi yopuma, mphindi khumi ndi zisanu.
Mwandida anakweza foni m'mwamba
kuti ndione manda a kwathu ku Bawi,
amayi a mvano, fumbi, nsapato za anthu.
Bandulo inatha akutsitsa bokosi.
Chithunzi chinauma pomwepo:
mkono wa mdzukulu, khasu lili m'malere,
dothi losagwa.

Kgaugelo anasuzumira pachitseko.
Ayambapo, anatero chapansipansi.
Ndinasamba kumaso pampopi, ndinalowa.
Pabolodi panali mutu wa tsikulo:
tchuthi cha wantchito woferedwa.
Masiku atatu, anatero Mayi Mokgethi,
akamwalira kholo, mwana kapena m'bale.
Izi zibwera pamayeso.
Ndinalemba.
Ndinadula mzere kunsi kwake, kawiri,
mpaka cholembera chinaboola pepala.

Zinabweradi.
Ndinapeza sevente wanu.
Palibe amene ndamuuza kumudzi.

Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.
Nkhono ya ku Braamfontein ndani anaiona?
Maluwa a jakaranda agwa ndisanawayang'ane,
ndangowamva akuphulika pansi pa nsapato
pothamangira basi.

Lamulungu anthu anameta kwathu.
Ine ndinapita mu De Korte,
pansi pa lona, kwa Kabeya wa ku Lubumbashi.
Sitayilo yanji, mphwanga?
Lonse, ndinatero.
Makina analira, tsitsi linagwera pa konkire,
mphepo ya mabasi n'kulisesera mumsewu.
Marandi makumi atatu.

Lero Lolemba.
Mphunzitsi watsopano akulemba dzina lake pabolodi,
akuti tiiwale za mwezi watha,
mutu ukhale wopepuka.
Wanga ukuzizira.
Ndatsegula kope latsopano, tsamba loyera,
ndalemba deti pamwamba.
M'thumba, foni ikadali ndi khasu lija m'malere.