Kampando ka Pakona

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikutumbula mimba muno m'Chipata,
palibe anandiuzapo kuti chigongono changa chimakwera
ndikamamanga mfundo yakuya.
Akanandiuza ndani?
Wodwala amakhala ali mtulo. Ophunzira amandiopa.
Sisitala Tisauke amangoika m'dzanja chomwe dzanja lapempha.

Lachiwiri kunabwera Mwanida Shawa wa ku Katete
pa basi ya mbandakucha, fumbi lili m'nsidze,
dokotala mnzanga, wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Sanavale magolovesi.
Anakokera kampando pakona, pansi pa wotchi yomwe inaima chaka chatha,
natsegula kope la ana asukulu.
"Ndikuyang'anireni chiyani?"
Ndinati, zonse.
Mumtima ndinati, penya mwana iwe, uphunzire.

Patebulo panagona mlimi wa fodya wa ku Chiparamba,
matumbo atapotana ngati chingwe cha mbuzi
yozungulira chikhomo usiku wonse.
Ndinang'amba, ndinamasula,
ndinadula chakufa n'kulumikiza zamoyo.
Magetsi anathima, jenereta inatsokomola kawiri n'kudzuka.
Mtsempha wina unatumphuka. Ndinaugwira.
Maola awiri ndi theka.
Mlimiyo adzafika nawo kumsika fodya wake.

Kuseri kwa chipinda cha opaleshoni, tiyi ali m'makapu apulasitiki,
phiri la Kanjala litafunda utsi wa lupsa,
ndinakhala chodikira kuyamikidwa.
Iye anatsegula kope.
"Magazi atatumphuka paja, munamva chiyani m'chipindamo?"
Ndinati, palibe, munali zii.
"Eya, munali zii.
Poyamba pakamwa panayi pamalankhula.
Mutakalipa kuti nyali, nyali,
onse anameza malilime.
Sisitala anawerenga thonje, limodzi losaoneka.
Masiki awo anagwedezeka kawiri popanda mawu.
Kachitatu ndiye ananena, inu mutagwira kale ulusi wotsekera."

Ndinati, komatu linapezeka.
"Linapezeka."
Anapsontha tiyi. Sanawonjezepo kanthu.
Za chigongono anazitchula akunyamuka,
ngati wokumbutsa mnzake chenji chomwe waiwala pagolosale.

Ndinasiya galimoto pachipatala, ndinayenda pansi mpaka ku Kalongwezi
ndikukangana naye mumtima.
Pamphambano iliyonse ndimapambana ine.
Pofika pageti ndinali nditagonja.
Wometa anzake sadziona kunkhongo,
ndipo yanga nkhongo aiona angati, osanena?

Lachinayi, tikusamba m'manja, thovu lili m'zigongono,
ndinafunsa Sisitala Tisauke,
mwakhala mukumeza mawu kuyambira liti?
Anatseka mpopi ndi mkono.
"Kuyambira muli ndi tsitsi, adokotala."

Tsopano ndisanagwire mpeni ndimatchula aliyense dzina,
ngakhale mnyamata wokankha machira, Yotamu,
ndimati, ukaona kanthu unene, ngakhale ndikalipe.
Lilime limandilemerabe.
Sabata yatha ndinakalipanso. Ndinadzimva ndekha,
mawu anga akugunda matailosi n'kundibwerera.
Chigongono nacho n'chamwano, chimatsika Lolemba,
pofika Lachisanu chakweranso.

Mwezi uno inali nthawi yanga.
Ndinakwera ya mbandakucha kupita ku Katete,
anandipatsa kampando kolema mwendo umodzi.
Mwanida amachotsa chotupa pakhosi pa mayi wogulitsa mtedza,
pafupi penipeni ndi kamtsempha ka mawu,
kopyapyala ngati ndevu ya chimanga.
Manja anga anayabwa.
Ndinawakhalira, onse awiri, pansi pa ntchafu.
Maopaleshoni onse ndachita aja
palibe inandituluka thukuta ngati iyi
yongopenya.

Ndinaona akupendeketsa khosi m'malo mokweza tebulo.
Ndinaonanso kamfundo kena ka dzanja limodzi komwe ine sindikadziwa,
ndinakajambula kumapeto kwa kope, mobisa.

Mayi uja anadzuka, napempha madzi ndi mawu ake omwe.
Panja Mwanida anavula kapu, nadzisisita pakhosi.
"Nenani, mwaona chiyani?"
Ndinali ndi masamba atatu odzaza.
Ndinatseka kope, ndinati,
yambani ndinu, khosi lanu likuti bwanji?