Zigamba za Mawu

Ine ndine telala wa pakhonde la sitolo ya Che Bwanali,
kuno ku Salima, moyang'anana ndi depoti,
ndipo nsalu yotha ndimaidziwa ndi chala ndisanaione n'komwe.
Imayamba kunyezimira pokhalira,
kenako ulusi umalekana ngati abale pa chuma chamasiye.
Mawunso amatha choncho.

Tamumvani kondakitala uyo:
"Awiri otsala! Tikunyamuka pompano!"
Awiri omwewo akhala akutsala
chigulireni makina angawa.
Ndikanadziwa kwawo ndikanawalipirira ndekha,
akwere, minibasi ipite, makutu anga apume.

Kamtedza anatenga suti yaukwati pangongole.
Mwana wa ukwatiwo pano akukwawa.
Ndikamuimbira: "Ndili panjira, bwana."
Njira yanji, Kamtedza?
Wochokera ku Chipoka wapansi, atasenza mbuzi,
bwenzi atafika, atabwerera, mbuziyo itaswa.
Tsiku lina ndinamuona ndi maso angawa
ali phee pansi pa nimu, dzanja lili m'bawo,
foni kukhutu: "Ndili panjira."

Kuofesi yamadzi, "netiweki yavuta."
Watomato, "dola yakwera,"
ngati tomatoyo watsika ndege
pomwe tonse tikulidziwa dimba lake ku Lifuwu.
Pamsonkhano wa makolo bambo watayi anati "tiziunikira" kasanu n'kawiri,
ndinkawerenga ndi mabatani m'thumba,
koma denga la sitandade folo likadali m'munda mwa eni
momwe mphepo inalitula.

Zonsezo ndi nsabwe chabe, umakanda n'kuseka.
Alipo mawu ena amene anandilasa.

Nachanza atatisiya, m'kutentha kuja kwa Okutobala,
anthu anabwera pamzere, aliyense dzanja lofewa,
aliyense, "Zimachitika."
"Zimachitika, achimwene."
"Limbani mtima, zimachitika."
Mawu oterera ngati kobiri lofufutika
lomwe ladutsa m'manja chikwi.
Ndinafuna kukuwa: zimachitikira ndani?
Kangati? A Nachanza analipo angati?
Uja ankandisungira singano mumpango wakumutu,
uja ankati mabatani ofiira ndi amwano,
sanachitikepo kawiri.

Maulidi yekha, wakabaza wachibwibwi uja,
anangokhala pambali panga osayesa n'komwe kulankhula,
n'kundichotsa kaulusi koyera paphewa.
Ndi chipepeso chokhacho chimene ndinasunga.

Ndiye dzulo ndikung'ung'udza zonsezi, makina ali zii,
kunabwera Lonjezo, kamtsikana ka folomu wani,
kudzatenga yunifolomu imene mayi ake analipira sabata zitatu zapitazo.
Nsaluyo inali pansi pa mulu, choko chisanaikhudze.
Pakamwa panga panatseguka pokha ngati zipi yakufa:
"Ubwere mawa."
Iye ananena nane limodzi, liwu ndi liwu,
mpaka kutsokomola kwanga kwa kumapeto,
kenako anaseka, osati mwachipongwe ayi,
kuseka kwa munthu woti waloweza nyimbo ya pawailesi.

Ndinayang'ana pansi, pa zidutswa.
Kani nanenso ndine kondakitala.

Ndinati, "Khala pabenchipo."
Ndinatenga tepi, ndinanola sizasi,
ndinapalasa mpaka kumzikiti anaitana kawiri.
Kolala inapendekera pang'ono kumanzere, iye sanadandaule.
Atapita ndinafufuza mawu atsopano ouza makasitomala,
onga nsalu yongochoka pampukutu, yonunkhira sitolo.
Sindinawapeze.

M'mawa uno kwabwera mphunzitsi ndi buluku long'ambika,
wandifunsa kuti litha liti,
ndipo ndaluma lilime,
mpaka pano likuwawa.