Mapu a M'mutu

Lachiwiri ku Newcastle, mvula yamvumbi.
Pepala lomatidwa pakhoma la laibulale linati
akufuna anthu opyola zaka makumi anayi,
ola limodzi ndi theka, mapaundi makumi awiri.
Ndinapitira mapaundiwo. Ndisaname.

Mtsikana wofufuzayo, Rhiannon Tetlow,
inki itamudetsa chala chamkombaphala,
anandivulitsa wotchi, lamba ndi mphete,
nandilowetsa chagada m'chimakina chonga mgolo
chogogoda ngati okhoma zidebe a mu Ndirande.
Pagalasi panabwera tauni yabodza,
misewu yopanda fumbi, yopanda galu,
yopanda ngakhale munthu woti um'funse njira.
Pezani sitolo ya buledi, anatero mawu m'makutu mwanga.
Ndinasochera kanayi.

Atanditulutsa anandionetsa ubongo wanga,
wotuwa, wamakwinya ngati malaya ogonera,
naloza kanthu kopindika ngati mphalabungu.
Umu, akuti, ndimo mukhala mapu.
Muli timaselo tongodzuka ukafika pamalo pake,
kena pakhomo, kena pamphambano.
Adayamba kutimva m'mitu ya makoswe
tikuthetheka ngati chimanga pachiwaya.
Ndinaseka.
Kwathu khoswe timam'tchera diwa,
kuno ali ndi nambala, ali ndi dokotala wakewake.

Kenako pepala loyera ndi pensulo:
jambulani malo amene mumawadziwa koposa.
Zaka khumi ndi zitatu ndagona ku Byker,
koma dzanja silinandifunse.
Linayambira pampopi wa kwa Goliyo,
linatsetsereka kudutsa okala ya a Kadzuwa,
linalumpha ngalande imene ndidasiyamo dzino,
linazemba mpanda wa mayi uja wa tambala wolusa,
mpaka linaima pachitseko chobiriwira.
Rhiannon anafunsa kumpoto n'kuti.
Ndinati sindidziwa, ife tinkangoti kumtunda ndi kumunsi,
phiri likakhala kumsana ndiye kuti ukupita kumsika.

Mlongo wanga akuti okala ija adagwetsa kalekale,
pali shopu ya mafoni tsopano,
chitseko chija adazula angongole.
Nanga timaselo tangati tikudikira yani,
tili tcheru pamphambano yomwe kulibe?

Usiku womwewo ndinali kuntchito,
kunyumba yosungira okalamba ku Heaton.
Bambo Ridley anadzuka fili koloko, monga mwa masiku onse.
Zaka makumi atatu adagawa makalata ku Scotswood.
Dzina la mwana wawo lidawathawa,
supuni amaitcha kiyi,
ine amanditcha dzina lililonse limene lili pafupi,
koma mapazi awo sadaiwale kanthu.
Pakhomo lililonse la m'khondemo amaima,
napinda dzanja, nalowetsa kalata yosaoneka.
Pa seveni pali galu, amandinong'oneza.
Pa naini pali namfedwa, ugogode pang'ono.
Msewu umenewo, mwana wawo adandiuza,
adaugumula iye akali pasukulu.

Buku la malamulo limati ndiwabweze akagone,
ndilembe nthawi, ndisaine.
Ndinatenga pilo, ndinaikolowekera paphewa ngati chikwama.
Tinayenda.
Iwo patsogolo, silipasi zikukhwekhwereza,
ine pambuyo, mlendo m'tauni ya m'mutu mwa munthu,
ndikulambalala zithaphwi zimene ankalambalala,
ndikukweza phazi pamasitepe atatu
pamene maso anga ankaona kapeti yosalala.
Pafupi ndi chipinda cha mankhwala tinadikira basi idutse.

Kumapeto kwa khonde, pazenera loyang'ana kumtsinje,
anatembenuka, nandiyang'ana bwinobwino.
Nanga iwe, mnyamata, umakhala nambala chani?
Ndinati, chitseko chobiriwira, bambo,
mukadutsa okala, mulumphe ngalande.
Anagwedeza mutu. Ndikudziwapo, anatero.
Anapisa dzanja m'pilo muja,
anafufuza, anafufuza mpaka pansi.
Lero palibe yako.
Uyesenso mawa.