Njerwa za Dobrawa

Ku Łódź chipale chofewa chamata zenera,
koma Dobrawa sanagone.
Pakompyuta pake dziko lonse ndi timabokosi:
dothi la ngodya zinayi, nkhosa ya ngodya zinayi,
ngakhale dzuwa silobulungira.

Njerwa za m'masewerawa zimamunyansa,
zosalala ngati sizinanyowepo ndi mvula.
Ndiye dzulo anajambula khoma la fakitale yakale ya nsalu,
ija ili kuseri kwa sukulu,
nalifinya mpaka timadontho khumi ndi tisanu n'kamodzi
mbali iliyonse.
Mwaye unakana kulowa. Anauikamo yekha,
kadontho kamodzikamodzi, chala chili gwa ndi chisanu.

Nyimbo nayo waichotsa.
M'malo mwake muli kulira kwa tiramu ya bambo ake
ikamakhota usiku, zitsulo zikukukutana,
ndi kachifuwa ka firiji ya kukhitchini.

Fayilo yakana kawiri.
Chilembo chimodzi chokha, padzina.

Kachitatu yalola, ndipo Ziemowit walowa,
mlongo wake wotsuka mbale ku Cork.
Kamunthu kake kafika pakhoma lija, kangoti njo.
Kenako mawu m'munsi mwa sikirini:
"Takweza pang'ono. Si ya adadi imeneyo?"