Wowerenga Madzi a Lena

Ntchito yanga ndi kuwerenga madzi,
ngakhale kwa miyezi isanu ndi iwiri sindiwaona.
Amagona pansi pa ayezi wokhuthala kuposa msinkhu wa mwana wanga,
ayezi amene dzana lomweli malole ankadutsapo.

Vuto la mtsinje uno ndi loti umalowera kumpoto.
Kumwera dzuwa lafika kale,
chipale chasungunuka m'mapiri, makwawa onse akusokosera,
pomwe kuno khomo likadali chitsekere.
Madzi akubwera ngati khamu la pamaliro
pa nyumba imene eni ake sanadzuke.

Erchim ndi anzake acheka ayezi ndi macheka a injini,
amwaza phulusa la malasha mizeremizere
kuti dzuwa lipeze pogwira.
Ukaima pamtunda mtsinje ukuoneka wotemedwa mphini.
Akavalo tawakusira ku chitunda,
mbatatesi tazichotsa m'chipinda cha pansi,
bwato talimangirira pa khonde ngati galu.

Kukhitchini kwanga kuli mzere wa matope
umene ndinakana kuupaka utoto.
Umandifika pachibwano.

Lachinayi usiku kwamveka phokoso,
gu! ngati wina wagwetsa nkhalango yonse.
Ayezi wasweka. Zibenthu zazikulu ngati madenga
zikukwerana, zikukukutana mano,
ndipo pa gondo la kumunsi, pamene chilumba chimapanikiza madzi,
zaima nji.

Ndatsika ndi tochi.
Mamita asanu ndi limodzi.
Ndamwa tiyi theka, ndatsikanso:
makwerero awiri amene ndinapondapo palibe.
Wa ku ofesi ya ku Yakutsk akuti, Tuyaara, tipatseni nambala.
Ndikumpatsa nambala.
Sindikumuuza kuti pensulo ikuvina m'zala,
kuti ana a sukulu akudzaza mchenga m'matumba a ufa,
kuti Matryona wakhala padenga ndi nkhuku zake zitatu
ndipo akutukwana aliyense womuuza kuti atsike.

M'bandakucha helikopita yabwera ndi mabomba.
Kawiri, mtsinje sunayankhe.
Kachitatu wabuula,
watsokomola,
wayamba kuyenda.

Madzi amene anali kunyambita mpanda wa chipatala
abwerera chafutambuyo,
kusiya nsomba imodzi pakati pa msewu.
Anthu akukumbatirana. Erchim akulira osabisa.

Ine ndalowa m'nyumba kukaimba foni.
Makilomita makumi asanu ndi anayi kumunsi
kuli Kunney, wowerenga mnzanga,
amene nkhope yake sindiidziwa, koma chifuwa chake ndimachidziwa.
Zonse zimene zatichoka pakhosi
zikupita kwa iye, zidzafika mawa masana.

Wayankha foni isanalire kawiri.
Ndati, watisiya.
Wakhala chete, ndamva akusanthula kabuku kake.
Kenako wafunsa, nambala yako yomaliza inali chiyani?
Ndamuuza pang'onopang'ono,
kuti alembe bwino.