Chaka Chabwino, Aneba

Usiku wolowera chaka, a Msowoya,
munaphulitsa makombola kuseri kwanu.
Ana anu ankakuwa, "Linanso! Linanso!"

Ife kuno, kungodumpha mpanda wa bango,
tinali pakalikiliki kusaka galu.
Tilipo anadula chingwe pa kombola lachitatu.
Tamuitana Chiputula yense, mpaka ku Katawa.
Mbale yake ikudzaza madzi a mvula.

Nkhuku za NyaLuhanga,
zija anagula ndi ngongole ya banki m'khonde,
zinapanikizana pakona pa khola.
Kutacha, zisanu ndi ziwiri zinali gwa.

Khanda la alendi, la masabata atatu,
linalira mpaka kusasa mawu.

Ndiye lija linakhota lija,
linadzatera pa pulasitiki yofundira makala anga.
Matumba anayi.
Fizi ya Vitumbiko.
Mvula ya Mzuzu, yosaphonya tsiku,
usiku umenewo inachedwa.

M'mawa munadutsa mutavala jekete yatsopano:
"Chaka chabwino, aneba!"
Ndinayankha. Ndikanatani?
Manja ali bii,
ndikutola timapepala tofiira
m'bedi langa la mpiru.