Usiku Wachisanu, Msewu wa Jeanne-Mance

Chala changa chatuluka magazi pa mbatatesi yachitatu.
Bambo akanakhalapo akanayamba aseka kaye
kenako n'kundilanda mbale:
"Taya zimenezo, Perl, magazi sitidya ife,
ngakhale a mwana wathu yemwe."
Ndataya. Ndayambiranso.
Chitsulo chamanomano chopalira ichi anachoka nacho ku Lodz
m'thumba la jekete, pamodzi ndi supuni imodzi,
ndipo mpaka lero sichinakhute.

Kunja Montreal wakwiririka.
Magalimoto asanduka mitumbira yoyera,
dzuwa linatsanzika tiyi wamasana asanazizire.

Anyezi, dzira, kamchere, ufa wa matsa wodzaza dzanja.
Finya m'nsalu mpaka madzi alire, ankatero.
Ndafinya. Olira ndine, koma tingoti ndi anyezi.
Latke woyamba waphwasuka m'chiwaya
ngati nkhani yonenedwa ndi munthu wamantha.
Wachiwiri wamwa mafuta n'kugona chagada, wotuwa.

Gogogo pakhomo.
Mayi Masouda Ohayon a chipinda chapansi,
mpweya uli wefuwefu, masitepe makumi atatu ndi anayi,
mbale yovundikira ili pachifuwa.
Zaka makumi awiri anakangana ndi bambo pamasitepe amenewa.
Iwo: Hanuka ndi sfenj, mandasi amphete a ku Meknes,
oviika mu uchi mpaka chigongono chimate.
Bambo: mbatatesi basi, zinazo n'zoseweretsa ana.
Palibe anagonja.
Aliyense ankadya za mnzake ataimirira, akudandaula.

Lero sanandipatse n'moni yemwe.
Angoponya kanyenyeswa m'chiwaya, n'kutchera khutu.
"Mafuta ako sakuyankhula. Dikira."
Tadikira.
Kenako chwee! khitchini yonse yadzuka,
utsi wakwera makatani, walowa m'majuzi,
fungo limene lidzatiperekeza mpaka mwezi wa Tevet utatha.
Atembenuza latke ndi mphanda,
m'mbali mwake muli mofiirira, mwa khirikhiri.
"Velvl ankapsereza," atero.
Ndi koyamba kumva dzina la bambo m'nyumba muno
chichokereni anthu a pa shiva.

Tanyamula choikapo nyali kupita nacho pazenera.
Phula la chaka chatha likadali m'mabowo,
labuluu, lachikasu, ndi chidindo cha chala chachikulu
chimene sindikufuna kupala.
Makandulo asanu, kuimika kuyambira kumanja,
kuyatsa kuyambira kumanzere, watsopano ayambe ndiye.
Wamtali uja, shamash, ndi wantchito chabe:
amagawira anzake moto, iye osawerengedwa.
Ndayamba dalitso m'kayimbidwe ka bambo,
iwo alowa ndi ka kwawo, kokhotakhota ngati njira ya m'phiri,
ndipo takumana pa ameni.

Akuti kansupa kamodzi ka mafuta, ka tsiku limodzi,
kanayaka masiku asanu ndi atatu m'Kachisi.
Ndili mwana ndinkafunsa kuti anathiramo ena usiku ndani.
Bambo ankangoloza chiwaya: idya, zingazizire.

Mdzukulu wa Mayi Masouda, Eliran, watulukira
masokosi ali chinyowere, nguli ili m'manja.
Nun, gimel, hei, shin.
Wandidya ndalama zonse za chokoleti
ndipo ziwiri zasungunukira m'chikhatho chake
asanaziwerenge n'komwe.

Ndati ndinyamuke ndikatsuke chiwaya,
andigwira mkono.
Makandulo akamayaka mkazi sagwira ntchito,
ndipo kuwala kwake sitisokera, sitiwerengera kalata,
n'kongoyang'ana basi.
Ndiye takhala,
sfenj kudzanja ili, latke kudzanja linalo,
phala la maapozi litadontha pa siketi yanga yakuda.

Kutsidya kwa msewu zenera lina layaka, asanu akenso.
Munthu wofosholo chipale waima, wayang'ana kumwamba kuno,
wapukuta mphuno, wapitiriza.
Kandulo wa usiku woyamba wayamba kuwerama.
M'kabokosi mwatsala okwanira mausiku atatu,
ndipo mbatatesi, Mayi Masouda akuti, ndigule zina mawa,
zazikulu, osati timiyala tomwe ndinatola leroti.